Ŵ akundivuta mu Excel, ndithandizeni abale

MayiWaKwaya25:
Mwaswera bwanji nonse. Ndikukonza mndandanda wa nyimbo za kwaya yathu kuno ku Area 25, mitu yake anditumizira anthu osiyanasiyana ena pa WhatsApp ena pa imelo, ine ndangokopera zonse mu Excel. Tsono mitu imene ili ndi ŵ, monga Malaŵi kapena aŵiri, ndikapanga Remove Duplicates ina ikutsalabe chonsecho ukaiona ndi maso ndi yofanana ndendende. Pena kachipewa kakupendekera kumbali ngati kakufuna kugwera pa i. Komanso nditapititsa fayilo kokasindikiza mu Old Town pepala linatuluka MalaÅµi. Kodi ndi vayilasi imeneyi?

KawaleTech:
Mayi musade nkhawa si vayilasi ayi. Nkhani yake ndi yoti kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati nambala, manambalawo amachokera ku Unicode, ndiye ŵ ali ndi njira ziwiri zomulembera. Yoyamba ndi chilembo chimodzi chathunthu, U+0175, wamkulu Ŵ ndi U+0174. Yachiwiri ndi w wamba kenako kachipewa pakokha, U+0302, kameneka kalibe malo akeake pamzere, kamangokwera pa chilembo chimene chabwera kasanabwere iko. Pa sikirini zonse ziwiri zimaoneka chimodzimodzi koma mkati mwake kwinaku ndi chilembo chimodzi kwinaku ziwiri, nchifukwa chake Excel akuti sizofanana. Yesani =LEN(A2) pa selo yomwe muli mawu oti Malaŵi okha, ina ikupatsani 6 ina 7. Ya 7 ndi yolumikiza ija, ndipo ndi yomweyo imapendekera ngati fonti yanu siidziwa pokakhazika kachipewako.

Kukonza kwake lembani =SUBSTITUTE(A2,"w"&UNICHAR(770),UNICHAR(373)) mu kolamu yatsopano mukokere mpaka pansi, 770 ndi kachipewa kaja 373 ndi ŵ wathunthu. Mukatero mukope n'kupanga paste values ndiye Remove Duplicates igwira bwinobwino.

Za MalaÅµi zija ndi vuto lina. Mu UTF-8, yomwe ndi njira yosungira zilembo mu fayilo, ŵ amasungidwa ndi mabayiti awiri, C5 ndi B5, tsono kompyuta ya kosindikizako inatsegula fayilo yanu ngati Windows-1252, njira ina yosungira zilembo, komwe C5 ndi Å ndipo B5 ndi µ. Ndikukhulupirira munawapatsa CSV eti? Ulendo wina muziwapatsa PDF basi.

Biwi_boy:
Koma zonsezi bwanji osangolemba w wamba, manyuzi ambiri amatero ndipo aliyense amamva. Komanso pa SMS ŵ amadya ma units, mukangomuika mmodzi yekha meseji imasiya kukwana zilembo 160 imatsika kufika 70 chifukwa mu zilembo za GSM mulibemo ŵ, foni imasinthira ku njira ina yolembera zilembo yotchedwa UCS-2.

AphunzitsiAKale:
Za SMS zo ndi zoona mwana wanga, pa foni lembani mmene mungathere. Koma buku la nyimbo ndi lina. Ŵ samatchulidwa ngati w, milomo siichita kuzungulira ayi, imangoyandikana pang'ono, ndipo kumudzi kwathu agogo akamati aŵiri umachita kumva kusiyana kwake. Ana a kwaya akaona kachipewako amafunsa, akafunsa ndi pomwe amaphunzira katchulidwe. Mayi musachichotse chonde. Amene mukulemba mu Word tayipani 0175 kenako dinani Alt ndi X pamodzi, ŵ wathunthu atuluka pompo, muonetsetse kuti mwasiya mpata musanatayipe 0175 apo ayi Word amatenga ndi chilembo ngati a n'kutulutsa zina.

MayiWaKwaya25:
Zikomo kwambiri achimwene a ku Kawale, LEN yaonetsadi 7 pa mizere yotsala ija ndipo fomula yagwira, inalidi CSV. Aphunzitsi kachipewa sindichotsa. Koma mutu umodzi uli ndi Ŵ wamkulu sunasinthe, pamenepo ndipange bwanji?

KawaleTech:
Fomula yomweyo mayi, pa "w" muike "W" ndipo 373 ikhale 372.