Ndithandizeni kusankha bokosi la dayisi la masewera onyenga maso

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndimasangalatsa ana kuno ku Nchalo ndi timasewera tonyenga maso, ndiye tsopano ndikufuna bokosi la dayisi. Ndi lija la zipinda ziwiri ndi zitseko zinayi: umaikamo dayisi wamkulu, ukalipendeketsa kachitsulo kobisika kamatsetsereka n'kugunda, ana n'kumakuwa kuti dayisi wangothawira mbali inayo. Ukatsegula zitseko zonse mulibe kanthu, dayisi ali m'chipewa.

Chikundidetsa nkhawa ndi kutentha kwathu kuno kuchigwa. Mu Okutobala zomata ndi guluu zimamatuka zokha, mvula ikayamba thabwa limafufuma. Chigoba cha dayisi (dayisi wabodza wopanda kanthu mkati, wobisika m'bokosimo) chikangothina pang'ono basi zavuta, ndipo ana a Sitandade 5 sachedwa kumugwira munthu. Kodi lathabwa lingapirire, kapena ndingogula lapulasitiki ngakhale limaoneka ngati chidole? Alipo anaitanitsapo ku Johannesburg, mtengo wake unali bwanji? Nanga kalipentala wa ku Ngabu kapena ku Blantyre angakhome la mbawa, la mahinjesi osalira?

Komanso dayisi wa mainchesi 3 amaoneka bwino kwa okhala kumbuyo? Ndimasewera pansi pa mtengo, ana atandizungulira, ena mpaka kumsana, ndiye ndikufuna bokosi losaulula chinsinsi akaliona cham'mbali.