Kodi Mtukula Pakhomo angakwanire ngati mfundo zina za boma siziganizira wosauka?

Mphunzitsi wopuma, Mchinji:
Abale anga, ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayambira kuno ku Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo lero ili m'maboma onse 28, kuthandiza ndi ndalama mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, monga agogo olera ana amasiye. Ubwino wake ndinauona ndi maso anga, pakuti ana ena omwe ankajomba chifukwa chosowa sopo ndi makope anabwerera m'kalasi mwanga. Koma kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, gogo wina woyandikana nane anandionetsa zomwe anagula atalandira ndalama zake, ndipo zonse zinakwana m'kansalu komanga kumutu. Ndiye ndikufunsa: kodi umphawi usiyidwe m'manja mwa unduna umodzi, kapena unduna uliwonse uzifotokoza, usanakhazikitse mfundo yake, momwe mfundoyo imukhudzire wosauka?

Mlembi wakale wa komiti ya chitukuko, Ntcheu:
Aphunzitsi, njira yoti wosauka amveke ilipo kale papepala. Kuchokera mu 1998, pamene dziko linavomereza mfundo ya mphamvu ku anthu, zofuna za m'mudzi zimayenera kuchoka ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu (ADC), mpaka kukalowa mu dongosolo la chitukuko la khonsolo. Vuto lomwe ndinaliona pa zaka zomwe ndinali mlembi ndi lakuti msonkhano umaitanidwa m'mawa, nthawi yomwe wovutikitsitsa ali pa ganyu m'munda mwa mnzake kuti apeze ufa wa tsikulo. Pansi pa mtengo pankakhala ife okhala ndi njinga ndi mawu, ndipo tsiku lina tinasankha kukonza bwalo la msika, pomwe amayi a kutsidya kwa dambo, omwe ankatunga madzi limodzi ndi ng'ombe, akanasankha mjigo akanakhalapo. Ndine ndinalemba zokambiranazo, choncho sindikuloza chala wina aliyense.

Mayi woyendera njinga ya olumala, Zomba:
Ine ndionjezerepo za kuphatikiza aliyense. Lamulo loteteza anthu aulumali linakhazikitsidwa mu 2012, ndipo lina latsopano linabwera mu 2024, komabe pasukulu ina kwathu anamanga chipinda chokhala ndi polowera njinga potsetsereka kwambiri moti sindingakwere popanda anthu awiri ondikankha, ndipo khomo la chimbudzi ndi lopapatiza kuposa njinga yanga. Omanga sanali ankhanza ayi, anangosowa wowauza. Akanaitana mmodzi wa ife pamene ankajambula mapulani, simenti yomweyo ikanakwanira.

Wophunzira za chuma, Lilongwe:
Ndikugwirizana nanu, koma tisaiwale thumba. Kafukufuku wa ofesi yowerengera anthu wa 2019/20 anapeza kuti anthu 50.7 pa 100 aliwonse ndi osauka, kutanthauza kuti umphawi si nkhani ya kagulu kapadera koyenera pulojekiti yakeyake. Komanso gawo lalikulu la ndalama za Mtukula Pakhomo limachokera kwa abwenzi akunja, choncho funso lenileni liyenera kupita ku ndondomeko ya zachuma ya chaka ndi chaka. Misonkhano yomva maganizo a anthu pa bajeti imachitikira m'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, kumene amalonda ndi mabungwe amafika atakonzekera bwino, pomwe gogo wa ku Mchinji uja samva n'komwe kuti kuli msonkhano. Masomphenya a Malawi 2063 amalankhula za chuma chofikira aliyense, koma mawuwo amayesedwa pa tsiku logawa ndalama.

Mphunzitsi wopuma, Mchinji:
Zikomo nonse. Alembi a ku Ntcheu, mundiuzeko: munayesapo kusunthira msonkhano wa VDC madzulo, kapena Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi, ndipo amayi a kutsidya aja anabwera?