Kompyuta ikungogwa sikirini ya buluu, uthenga wake ukusinthasintha

Wamawaya: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi desktop ya kasitomala pa benchi, ino ndi sabata yachiwiri. Ili ndi Windows 10, RAM ya DDR4 16GB ndi graphics card ya NVIDIA. Imayaka bwinobwino, imagwira ntchito mwina ola limodzi, mwina tsiku lonse, kenako sikirini ya buluu, n'kudziyatsanso yokha. Chondizunguza mutu n'chakuti uthenga wake sukhala umodzi. Lolemba inalemba MEMORY_MANAGEMENT, Lachitatu IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, dzulo VIDEO_TDR_FAILURE n'kutchula nvlddmkm.sys. Windows ndaikanso, fumbi ndapukuta, thermal paste ndasintha. Mwini wake amakonzera mavidiyo a anthu, ndipo ntchito yamutayikira kawiri. Foni yake ikalira mtima umandigunda.

Chatsopano: Achimwene, nvlddmkm.sys ndi driver ya NVIDIA imeneyo, pulogalamu yoyendetsa graphics card. Lowani mu Safe Mode, muichotse ndi DDU (pulogalamu yochotsera ma driver a graphics card), muike ina. Nthawi zina yakaleko imakhazikika kuposa yatsopano.

Wamawaya: Ndachita zimenezo usiku. Lero m'mawa yagwanso, ulendo uno ndi PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA.

Mayi_Bodi: Musaikenso Windows kachitatu, bambo, mukungofufuta umboni. Tsegulani C:\Windows\Minidump, mafayilo amene alimo (amene Windows imalemba ikagwa) muwatsegule mu pulogalamu ya WinDbg, mulembe !analyze -v pa lililonse. Tiuzeni dzina limene likutchulidwa. Muonenso mu Event Viewer ngati Kernel-Power 41 (uthenga wakuti makina anazima mosayembekezereka) ikubwera popanda sikirini ya buluu, chifukwa ikamangozima phi osalemba kanthu, ine ndimayamba ndakayikira PSU, kabokosi kopereka magetsi m'kompyutamo.

Wamawaya: Mayi, mafayilo alipo anayi. Awiri akutchula ntoskrnl.exe, limodzi nvlddmkm.sys, lina driver ya network. Nthawi zonse imayamba yalemba uthenga isanadziyatsenso. Kutentha ndayang'ana ndi HWiNFO, CPU sikupitirira madigiri 70 ngakhale ndiipanikize. SSD nayo CrystalDiskInfo ikuti ili bwino.

MkuluWaBenchi: Apa ndiye mwatipatsa poyambira. Driver ikakhala yolakwika, nthawi zambiri imagwa mofanana: dzina lomwelo, uthenga womwewo, kawirikawiri pa ntchito yomweyo. Yanuyi ikuloza uyu lero, mawa uyo. Ndiye kuti onsewo akuwerenga zinthu zoonongeka pamalo amodzi, ndipo malo amene onse amadutsapo ndi RAM. ntoskrnl.exe musaiimbe mlandu, ndi mtima wa Windows weniweniwo, imatchulidwa chifukwa ndi imene inapezeka pamalopo zinthu zitaonongeka kale. TDR ija nayo imangotanthauza kuti graphics card inakhala masekondi 2 osayankha, Windows n'kuyesa kuidzutsa koma kulephera. Sikuti khadiyo yafa ayi.

Mafunso awiri. RAM-yo ndi timitengo tingati, ndipo tinagulidwa limodzi? XMP mu BIOS, ija yokweza liwiro la RAM, ndi yoyatsa?

Wamawaya: Akulu, RAM ndinaiyesa kale ndi MemTest86, inadutsa. Ndi tiwiri ta 8GB. Ndamufunsa mwini wake pompano, akuti kamodzi kanabwera ndi makinawo, kenako anaonjezera yekha miyezi itatu yapitayo. XMP ndi yoyatsa, ikuthamanga pa 3200.

MkuluWaBenchi: Inadutsa maulendo angati?

Wamawaya: Umodzi. Nditaona kuti palibe cholakwa ndinaizimitsa.

MkuluWaBenchi: Ulendo umodzi ndi wochepa. MemTest86 payokha imazungulira kanayi, ndipo RAM yokayikitsa imakonda kuulula itatentha, pa ulendo wachitatu kapena wachinayi. Isiyeni usiku wonse mmene iliri, XMP yoyatsa, timitengo tonse tiwiri tili m'malo mwake. Cholakwa chikapezeka ngakhale chimodzi, n'chokwanira. Koma chonde, usiku uno musasinthe china chilichonse. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi vuto n'kutha, simudzadziwa chimene munakonza, ndipo kasitomala akadzabweranso mudzayambira pachiyambi. Ine zinandichitikirapo: ndinagulitsa munthu PSU yatsopano pomwe vuto linali kamtengo ka RAM kosakhala bwino mu slot. Ndinamubwezera ndalama zake, koma sanabwerenso kwa ine.

Chatsopano: Nanga Driver Verifier bwanji, akulu? Siingathandize kugwira driver yolakwayo?

Mayi_Bodi: Ndi yabwino pamene ukukayikira driver ndipo hardware watsimikiza kuti ili bwino. Pa makina amene RAM yake ikukayikitsa ingokunamiza, chifukwa ntchito yake ndi kugwetsa Windows dala ikangoona chachilendo. Ena afika polephera kulowanso mu Windows. Ukaiyatsa uzidziwiratu kulowa mu Safe Mode n'kulemba verifier /reset.

Wamawaya: Mwadzuka bwanji nonse. Akulu munanena zoona. Maulendo awiri oyamba mbee, wachitatu zolakwa zayamba kutuluka zofiira. Ndiye kamtengo kaonjezedwako ndi kakufa?

MkuluWaBenchi: Musafulumire kukataya. Zimitsani XMP kuti RAM ibwerere pa liwiro lake la chibadwa, nthawi zambiri 2133 kapena 2400, muyesenso tonse tiwiri. Kenako kamodzikamodzi mu slot imodzimodzi. Kakalephera kokha, ndi kakufa. Tonse tikadutsa patokhapatokha koma n'kulephera tili limodzi pa 3200, ndiye kuti sitikugwirizana. Manambala a pa sitika akhoza kufanana, koma ma chip a m'kati n'kukhala osiyana, ndipo XMP imatenga ma timing (nthawi imene RAM imadikira isanayankhe) a kamodzi n'kukakamiza kanzake. Muonenso buku la motherboard: zambiri za ma slot anayi zimafuna timitengo tiwiri tikhale pa A2 ndi B2.

Wamawaya: Zanditengera masiku awiri koma ndamaliza. Kalikonse pakokha kadutsa maulendo anayi, ngakhale pa 3200. Tili limodzi XMP yozimitsa, tadutsanso. Tili limodzi XMP yoyatsa, zolakwa zabwerera. Mu CPU-Z ndaona kuti ma timing ake ndi osiyana, kena ndi CL16, kanzake CL18. Komanso mwini wake anatiika pa A1 ndi B1. Ndatisamutsira pa A2 ndi B2, XMP ndaisiya yozimitsa, ndipo makinawo akonza mavidiyo kuyambira dzulo osagwa.

Mayi_Bodi: Musanaibweze, kumbukirani kuti Windows munaiika RAM isanakhazikike. Mafayilo ena akhoza kuti analembedwa olakwika. Lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, ikatha sfc /scannow. Mwini wakenso mumuuze aonenso mavidiyo amene anasunga m'miyezi itatu imeneyi, asanawapereke kwa eni ake.

Wamawaya: sfc yapezadi mafayilo oonongeka ndipo yawakonza. Ndamufotokozera kuti akafuna 3200 agule timitengo tiwiri tobwera mu paketi imodzi, apo ayi akhale pa liwiro lotsikali. Wasankha kudikira kaye. Ndiisunga pa benchi mpaka Lachisanu ikugwira ntchito usana ndi usiku, Loweruka adzatenge. Zikomo kwambiri akulu, zikomo mayi, nanunso achimwene.