Thandizeni: kutentha kumalekanitsa bwanji ma isotope m'zinthu zamadzimadzi?

Akuluakulu odziwa fizikisi, ndithandizeni chonde. Ndikuwerenga za fakitale ya S-50 ku Oak Ridge, m'dziko la America, yomwe mu 1944 inayamba kulekanitsa ma isotope a uranium (mitundu ya maatomu a uranium yosiyana kulemera kwake) potsata njira ya katswiri wa sayansi Philip Abelson. Mapaipi ake anali aataliatali, khoma lamkati lotenthetsedwa ndi nthunzi, lakunja loziziritsidwa ndi madzi, ndipo pakati pa makoma awiriwa pankakhala zamadzimadzi zokhala ndi uranium. Isotope yopepuka inkasunthira kukhoma lotentha n'kukwera pamwamba, yolemera n'kutsikira pansi.

Zikakhala za mpweya, monga anachitira akatswiri a sayansi a ku Germany, Clusius ndi Dickel, mu 1938, ndikumvetsa. Koma m'zinthu zamadzimadzi tinthu timakhala tothithikana, tikugundana nthawi zonse. Nanga n'chiyani chimakankhira yopepukayo kotentha? Ndi kulemera kokha, kapena mmene tinthuto timakokerana pakati pawo? Ndikufuna kufotokozera ophunzira anga mosavuta, popanda masamu ambiri.