Bwato la ku Cambridge: tilipire kapena tingoyenda pansi?

Nachisale: Abale, mayi anga abwera kuchokera ku Zomba, ndiye Loweruka tikufuna tikawaonetse Cambridge, mzinda wa yunivesite uja kuno ku England. Tilipo asanu ndi ana omwe. Bwato lija la pamtsinje wa Cam, amati punting, ndi loyeneradi kulipira? Mtengo wake ukundibweza m'mbuyo.

Bambo a Tadala: Achemwali, sungani ndalama zanu. Mphindi 45 zokha, mwatsika kale. Zaulere zilipo zambiri. Ku Fitzwilliam Museum salipiritsa pakhomo. Ndipo ngati sukulu ili mkati, 5:30 madzulo mutha kulowa mu King's College Chapel ku mapemphero a Evensong osatulutsa kanthu, n'kumva kwaya ija. Tchalitchicho anayamba kumanga mu 1446, nthawi ya mfumu Henry VI. Mayi akangokweza maso kudenga, za bwato aiwala.

Nagama: Apo ndiye ayi, achimwene. Mumsewu munthu umangoona khoma ndi chipata. Kukongola kwa makoleji kuli kuseri, kumtsinje, kumene amati the Backs. Pabwato mumadutsa Queens', King's, Clare, Trinity ndi St John's mutakhala phee, mpaka kulowa pansi pa Bridge of Sighs, mlatho wa mu 1831. Koleji zina amalipiritsa pachipata, ndipo nthawi ya mayeso zambiri zimatsekeratu alendo. Komanso ganizirani miyendo ya munthu wamkulu. Tsiku lonse pa misewu yamiyala ija si masewera.

Nachisale: Mawondo ndiye amawavutadi. Nanga tikabwereka bwato n'kupalasa tokha, si zotchipa?

Nagama: Zotchipa inde, koma ndi ana musayerekeze. Salipalasa ndi nkhafi. Munthu amaima kumbuyo n'kumakankha pansi ndi mtengo wautali, monga amachitira asodzi a ku Chilwa. Mtengowo ukatitimira m'matope, wosazolowera amaukakamira, bwato n'kupitirira, iye thibu m'madzi. Loweruka mabwato amachita kugundana pa milatho. Tengani lokhala ndi woyendetsa, mukwere ndi anthu ena, osati lanulanu.

Bambo a Tadala: Oyendetsawo ndi amene amandinyansa. Ena amauza alendo kuti mlatho wamatabwa wotchedwa Mathematical Bridge anamanga ndi Isaac Newton popanda msomali. Newton anamwalira mu 1727, mlathowo anaumanga mu 1749. Ndilipire kuti andinamize?

Agogo a ku Luton: Ana inu, mayiwo ndi a mpingo uti?

Nachisale: A Anglican, agogo.

Agogo a ku Luton: Ndiye musabwereko osawaimitsa pa Senate House, pafupi pomwepo ndi King's. M'nyumba imeneyo ndi mmene David Livingstone analankhula pa 4 December 1857, ndipo mawu akewo ndi amene anabala mishoni ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa), imene inabweretsa mpingo wa Anglican ku Malawi. Bishopu woyamba wa mishoniyo, Charles Mackenzie, amene anafika ku Magomero mu 1861, anali wa koleji ya Caius, yoyandikana ndi nyumbayo. Munthu wa ku Zomba Magomero amaidziwa. Poimapo salipira. Za bwato ine ndikuti akwere, ulendo wotere sabwereza chaka chilichonse.

Nagama: Tikiti mukagule pa intaneti kapena pokwerera penipeni, ku Quayside kapena ku Mill Lane. Oitanira anthu mumsewu muwapewe.

Nachisale: Zikomo nonse. Tikwera la m'mawa anthu asanachuluke, masana ku Senate House, madzulo ku Evensong. Bambo a Tadala, pamzere wa ku King's tifike nthawi yanji kuti mayi apeze pokhala pabwino?