Ndimakonza mafoni koma m'magulu akungondikana, nditsatse bwanji?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ine ndimakonza mafoni: kusintha sikirini, batire, pobayira chaja ndi zina zotero. Ntchito ndimaidziwa, ndipo amene ndinawakonzerapo amabweranso. Vuto langa ndi kupeza anthu atsopano.

Ndinalowa m'magulu ambiri a pa Facebook ndi WhatsApp, ena a malonda, ena a zamafoni, ena ongocheza. Ndinapangitsa chithunzi chokongola chokhala ndi dzina la bizinesi, nambala ndi ntchito zonse zimene ndimagwira, ndipo ndimachiponya m'mawa ndi madzulo. M'magulu a malonda chimadutsa bwinobwino, koma pakangotha mphindi zochepa chimakhala chakwiririka kale. Aliyense mmenemo ndi wogulitsa, wogula sindimuona. M'magulu a zokambirana, momwe muli anthu amene mafoni awo akuvutadi, ma admin amachikana. Gulu lina lalikulu anachita kundichotsa osandichenjeza n'komwe. Nditafunsa ku inbox anangowerenga, phee.

Ndalama yolipirira malonda ndilibe pakali pano. Kodi alipo amene anapezadi makasitomala kudzera m'magulu otere, kapena tikungotha bandulo? Nditsegule gulu langa? Komanso mnzanga wina akuti nditsegule maakaunti ena awiri, ina izifunsa kuti "ndani amakonza bwino mafoni", inayo iziyankha kutchula ine. Akuti aliyense amatero.

Membala wina:
Ndikutsatira nawo, vuto ndi lomweli.

Admin wa gulu lina:
Achimwene, ndikuyankheni monga munthu amene ndimakhala mbali inayo. Choyamba, n'kutheka kuti si munthu amene amakana positi yanuyo. Pa Facebook admin ali ndi chida chotchedwa Admin Assist, ndipo amachiuza kuti positi iliyonse yokhala ndi linki, kapena mawu akutiakuti, kapena yochokera ku akaunti yatsopano, izikanidwa yokha. Inu mukukwiyira munthu amene chithunzi chanucho sanachione n'komwe.

Chachiwiri, polowa pa gulu munafunsidwa mafunso, mwina atatu, ndipo munavomera malamulo. Ambiri amangodina osawerenga. Pitani mukawawerenge lero, sapitirira 10. Magulu ambiri ali ndi tsiku la malonda kapena positi imodzi yomwe ogulitsa amaloledwa kulembapo. Ife sitidana ndi bizinesi ya munthu. Koma ndikalola wanu, mawa abwera makumi asanu, ndipo anthu amene amafunsa mafunso enieni athawa. Akathawa amenewo gulu latha, latsala ngati aja a malonda mukuwadandaulawo. Ndiye anthu mukuwafunawo ali pamenepo chifukwa choti timakana zithunzi ngati chanucho.

Wofunsa:
Zamveka bwana. Koma ndiye adziwa bwanji kuti ndimakonza mafoni ngati sindikuloledwa kunena?

Mayi wosoka zovala:
Mwananga, ine ndimasoka, ndipo makasitomala anga ambiri atsopano amachokera pa gulu limodzi lokha la amayi okonda zosokasoka. Sindinaponyepo malonda ngakhale kamodzi. Wina akafunsa chifukwa chake msoko ukukwinyika pa nsalu yotanuka, ndimamuyankha zonse: singano yake, ulusi wake, mmene angamasulire makina. Ndimaikapo kachithunzi ka msoko wanga. Basi. Amene wafunsayo nthawi zambiri sabwera, amakakonza yekha. Amabwera ndi ena, amene sanalembepo kanthu, mwina patatha miyezi, n'kunena kuti "ndimakuonani pa gulu paja". Chimene ndinachita n'kukonza mbiri yanga. Munthu akadina dzina langa amapeza chithunzi cha ntchito yanga, zimene ndimachita ndi nambala. Malonda anu akhale pamenepo, osati pa gulu.

Wopanga mawebusaiti:
Amayiwa anena zoona, ndipo zili ndi chifukwa chake. Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito intaneti, analemba mu 2006 kuti m'magulu ambiri anthu 90 pa 100 alionse amangowerenga, 9 amalembako mwa apo ndi apo, ndipo mmodzi yekha ndiye amalemba pafupifupi zonse. Manambalawa amasintha gulu ndi gulu, koma chithunzi chake n'chomwecho. Mukamayankha munthu mmodzi, gulu la anthu osalankhula likuwerenga. Komanso yankho labwino silifa. Wina akadzalemba "foni sikuchaja" pofufuzira pa gulupo chaka chamawa, adzalipeza. Chithunzi cha malonda palibe amene amachifufuza.

Membala wina:
Poti pali wokonza mafoni pano, yanga ikumachaja pokhapokha ndikagwirizira chingwe chopendekera mbali imodzi. Ndasintha chaja kawiri koma chimodzimodzi. Chingakhale chiyani?

Wofunsa:
Bwerani ku inbox tikambirane.

Mayi wosoka zovala:
Ayi mwananga, pamenepa ndi pamene tikunenapa. Munthu wakupatsani mpata pamaso pa gulu lonse, inu mukumukokera kuseri. Ife tonse tikuwerenga tikanadziwa lero kuti ntchito mumaidziwa. "Bwerani ku inbox" amalembanso ndi akamberembere, ndiye tikusiyanitsani bwanji? Muyankheni pompano.

Wofunsa:
Chabwino amayi. Achimwene, nthawi zambiri zikatero si chaja ayi, ndi fumbi ndi tiulusi ta m'thumba timene tadinika mkati mwa pobayira, ndiye chingwe sichikufika pansi. Zimitsani foni, unikani ndi tochi. Mukaona zotuwa kumapeto, tokosani pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera mano. Osagwiritsa ntchito singano kapena pini, chitsulo chimapinda timano ta mkatimo. Mukachotsa, chingwe chizilowa mpaka kumveka kuti "tha". Ngati mkati muli moyera koma chingwe chikugwederabe, ndiye kuti pobayira patha kapena pachoka pa bolodi, pamenepo mpofunika wokonza. Koma ngati kumbuyo kwa foni kwatupa kapena sikirini yayamba kutukuka, siyani kuchaja lero lomwe, ndi batire yafufuma, ndipo musaidinikize kapena kuibaya chifukwa imatha kuyaka.

Wokonza mafoni mnzake:
Aise, apa ndiye wataya kasitomala ndi manja ako. Munthu uyu akanabwera, iwe n'kuchotsa fumbi mphindi ziwiri, n'kulandira kako. Ukamawaphunzitsa ulere tidzadya chiyani? Ine zimenezi sindichita.

Wopanga mawebusaiti:
Nzeru ya fumbiyo ili kale pa YouTube, sanaulule chinsinsi cha wina aliyense. Chimene munthu sangachite yekha ndi kuwotcherera pobayira patsopano kapena kusintha sikirini, ndipo ndalama yeniyeni ili kumeneko. Munthu amapereka foni yake, yokhala ndi zithunzi ndi mauthenga ake onse, kwa amene amamukhulupirira. Amene anamuuza kuti "musabwere, ndi fumbi chabe" ndi amene adzamufunefune sikirini ikadzasweka.

Wokonza mafoni mnzake:
Zokhulupirira zanuzo zimatenga miyezi, lendi siidikira. Sindikutsutsa kuti zimagwira, koma mumuuze mnyamatayu zoona, kuti si za mawa.

Mayi wosoka zovala:
Pamenepo sindikutsutsani, zimachedwadi. N'chifukwa chake asamwazike m'magulu makumi awiri. Asankhe awiri kapena atatu momwe muli anthu amene angafike pamalo pake, azidziwika mmenemo. Kuyankha munthu amene ali kutsidya kwa nyanja n'kwabwino, koma foni yake sadzabweretsa.

Membala wina:
Za maakaunti onama zija musayerekeze. Malamulo a Facebook salola munthu kukhala ndi maakaunti abodza, ndipo akakugwirani atha kutseka ndi yeniyeni yomwe. Komanso anthu si opusa. Akaunti yopanda anzake, yotsegulidwa mwezi watha, imene ntchito yake n'kuyamikira munthu mmodzi, kalembedwe kofanana mpaka polakwitsa pomwe. Pa gulu lathu lina wina anaiwala kusintha akaunti, anadzifunsa yekha n'kudziyankha yekha ndi dzina lomwelo. Anthu anajambula, ndipo mpaka pano akamutchula amayamba ndi kuseka. Ku America bungwe la boma loteteza ogula lotchedwa FTC linakhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa ndemanga zabodza zoyamikira malonda, moti kumeneko ndi nkhani ya chindapusa. Muli ndi makasitomala amene amabweranso, mwatero nokha. Apempheni amenewo kuti akaona wina akufunsa wokonza mafoni azikutchulani. Ndi zoona, ndipo admin sangakuchotsereni.

Wopanga mawebusaiti:
Ndionjezere za malinki, poti ena amaponya linki paliponse poganiza kuti Google iwakweza. Kuyambira 2005 pali chizindikiro chotchedwa nofollow, ndipo mu 2019 Google inaonjezera china chotchedwa ugc, zomwe mawebusaiti amaika pa malinki olembedwa ndi alendo pouza Google kuti iwo sakuwavomereza malinkiwo. Ndiye phindu lake ndi lochepa kwambiri, chimene mumapata n'kuchotsedwa. Pa webusaiti ya zokambirana ya Reddit kwa zaka zambiri ankalangiza kuti pa zinthu 10 zimene walemba, chimodzi chokha chikhale chokhudza malonda ako. Muyezo umenewo ndi wabwino pa gulu lililonse. Nkhondoyi ndi yakale ndithu. Mu Epulo 1994 maloya awiri a ku Arizona, Laurence Canter ndi Martha Siegel, anaponya malonda amodzimodzi a Green Card, chilolezo chokhala ku America, m'magulu oposa 5,000 a Usenet, malo okambirana pa intaneti a nthawi imeneyo. Anthu anakwiya mpaka kampani imene inkawapatsa intaneti inawadula. Ndi chithunzi chanu cha m'mawa ndi madzulo chija, kungoti iwo anachita ndi pulogalamu.

Zinanso zopewa ndi zija za "lembani YES ngati mukufuna" kapena "tchulani anzanu asanu". Facebook inalengeza mu Disembala 2017 kuti mapositi okakamiza anthu kudina chonchi iziwatsitsa.

Membala wina:
NGONGOLE ZACHANGU POPANDA CHIKOLE, lembani INFO ndikutumizireni zambiri

Admin wa gulu lino:
Ameneyu tamuchotsa. Pitirizani.

Wogulitsa zida za solar:
Ine ndinene za WhatsApp, chifukwa kumeneko n'kumene anthu amapsa. Musatole manambala a anthu pa gulu n'kuyamba kuwatumizira malonda. Anthu angapo akangodina Report, nambala yanu itha kutsekedwa, ndipo ndi nambala yomweyo imene makasitomala anu akale ali nayo. Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere, inayamba mu Januwale 2018. Muli malo oikamo ntchito zanu ndi zithunzi, maola ogwira ntchito, ndi mayankho okonzeratu. Pangani linki ya wa.me ya nambala yanu muiike pa mbiri yanu ya Facebook, munthu akadina azifika kwa inu osasunga kaye nambala. Broadcast, njira yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, imatenga anthu 256 pa mndandanda umodzi, koma uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, ndiye aliyense amene mwamukonzera foni mumupemphe aisunge. Akatero, inunso n'kusunga yake, aziona ndi Status yanu. Ine ambiri amandigula chifukwa cha Status, osati gulu.

Ndipo aliyense watsopano muzimufunsa kuti "mwandidziwira kuti?" n'kulemba. Pakatha miyezi itatu mudzadziwa gulu limene likukubweretserani anthu ndi limene likungokudyerani bandulo. Ma like musawawerengere.

Wofunsa:
Nanga zotsegula gulu langa?

Admin wa gulu lina:
Osati pano. Gulu ndi ntchito ya tsiku lililonse: kuvomereza anthu, kuchotsa a ngongole ngati uja, kuletsa ndewu. Gulu la WhatsApp limafika anthu 1,024, la Telegram mpaka 200,000, koma vuto si malo. Munthu sakhala pa gulu la zamafoni foni yake ili bwinobwino, ndiye mudzapezeka mukuyankhula nokha. Ngati mukufuna poika malangizo anu, tsegulani tsamba la bizinesi kapena Channel ya WhatsApp, pomwe mumalemba inu nokha.

Wogulitsa zida za solar:
Ndipo chilichonse mungatsegule, manambala a makasitomala muzisunganso m'kope kapena pa kompyuta. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima limodzi pafupifupi maola 6. Google+ inatsekedwa mu 2019, Yahoo Groups mu Disembala 2020, magulu onse amene anthu anamanga mmenemo anapita nazo.

Wofunsa:
Ndathokoza nonse. Funso lomaliza. Admin wina, osati amene akutiyankha panoyu, wandiuza kuti ndikamulipira aziika positi yanga pamwamba pa gulu lake kwa sabata. Ndi zabwino zimenezo kapena ndikudyeredwa?

Wokonza mafoni mnzake:
Imeneyo ndiye ndimaidziwa ine. Lipira aise, bola gululo likhale lamoyo.

Admin wa gulu lina:
Musanalipire, onani kaye mapositi 10 omaliza pa gulupo. Osayang'ana chiwerengero cha mamembala, chimenecho ena amachita kugula. Onani ngati anthu osiyanasiyana akuyankhana nkhani zenizeni, komanso ngati ndi a dera limene angafike kwa inu. Funsani admin winanso wa gulu lomwelo ngati akudziwa za dongosololi, chifukwa alipo amene amalandira ndalama mwamseri, mawa mnzake n'kuichotsa positiyo. Mugwirizane molemba tsiku loyamba ndi lomaliza, ndipo positiyo ilembedwe poyera kuti ndi malonda. Yambani ndi sabata imodzi. Pamwambapo musaikepo chithunzi chija, ikanipo yankho la pobayira chaja lija monga mwalilembera, nambala yanu pansi.

Membala uja wa foni yosachaja:
Achimwene, ndatokosa, mwatuluka zinyalala zambiri koma ikugwederabe. Mumatsegula nthawi yanji Loweruka?