Mpikisano wa mbedza pa Shire tsiku la mwera: ndikonzekere bwanji?

Wa ku Namiasi:
Akuluakulu, kalabu yathu ili ndi mpikisano wa mbedza Loweruka lino m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 12 masana. Malo tichita kutola timapepala, ndipo wopambana ndi amene nsomba zake zalemera kwambiri pasikelo. Azanyengo achenjeza za mwera. Pa YouTube ndimaona azungu akuwedza nsomba yotchedwa carp atakhala moyang'anizana ndi mphepo. Kodi nzeru imeneyi ingagwire kuno? Nanga nyambo ndi mtovu womizira mbedza ndizikonze motani?

Mkulu wa ku Malombe:
Achimwene, carp mu Shire musamuyembekezere. Boma silimulola m'madzi olowa m'nyanja poopa kuti angasokoneze chambo. Abale ake tili nawo, kadyakolo ndi ntchila, ngakhale ntchila yasowa ndipo simakonda mbedza. Zokukwezerani sikelo ndi chambo, makumba ndi mlamba.

Zoyang'anizana ndi mphepo n'zoona pa damu kapena pa Malombe, chifukwa mphepo imakankhira chakudya kugombe lomwe ikupita. Pamtsinje nkhani ndi ina. Shire amatsika kupita kumwera, pomwe mwera ukuwomba kupita kumpoto. Madzi a pamwamba ndi a pansi amakokana. Mukaika choyandama, mphepo imachikokera kumtunda, madzi akukokera nyambo kumunsi, ndiye nyambo imayenda mokwezeka, nsomba n'kumaiopa. Choyandama chisiyeni m'thumba, wedzerani pansi.

Mtovu wa magalamu 30 womwe umakwana tsiku la bata sugwira. Tengani wa 60, wina wa 80 ukhale pafupi. Ukhale wophwatalala, wobulungira umagubuduka n'kukakola m'mizu ya bango. Ulusi waukulu wa 0.30 mm, wa nayiloni, osati woluka uja, poti woluka umayandama ndipo mphepo imaupinda ngati uta. Kuchokera pa mtovu kufika pa mbedza siyani masentimita 25 a ulusi wa 0.25 mm, kuti mukakola udukire pomwepo, zina zonse zipulumuke. Mbedza nambala 8 kapena 10.

Mukaponya, nsonga ya ndodo itsike mpaka itatsala chikhatho chimodzi kukhudza madzi, kenako kulungani pang'onopang'ono mpaka ulusi wonse umire. Ambiri amaimika ndodo m'mwamba, nsonga n'kumagwedezeka tsiku lonse, osadziwanso kuti uku ndi kudya kwa nsomba kapena ndi mphepo. Kugwedeza kwa mphepo kumabwerezabwereza mofanana. Nsomba imakoka kamodzi mwamphamvu, kapena ulusi umangolefuka mwadzidzidzi.

Mayi Msodzi:
Ndiwonjezere za chakudya choitanira nsomba, poti mipikisano yambiri imatayikira pamenepa. Madeya okhaokha mwera ukawomba amabalalika asanafike pansi, ndipo mumakhala mukudyetsera nsomba mnzanu wa kumunsi. Sakanizani makapu 6 a madeya, makapu 2 a nsima ya mgaiwa yozizira, kapu imodzi ya nsinjiro zokazinga ndi makapu 2 a dothi la katondo losefa. Madzi muzithira pang'onopang'ono, usiku wa Lachisanu, kuti madeya amwe. Kuyesa kwake n'kosavuta: umbani mpira wonga lalanje, muuponye m'ndowa ya madzi. Ukasweka nthawi yomweyo, onjezerani nsima. Ukatha mphindi 15 uli gwa, mwachulutsa dothi. Wabwino umayamba kusungunuka pakapita mphindi 4 kapena 5.

Poyamba ponyani mipira 5 pamalo amodzi, kenako umodzi pa mphindi 20 zilizonse. Musapitirire apo. Mu Julayi madzi amazizira, chifukwa mwera umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto ndipo ozizira a pansi amakwera kumwera kuno kwa nyanja, komwe Shire amatulukira. Nsomba zimadya pang'ono, mukazikhutitsa basi mwaziluza.

Pa mbedza, kansima sikapirira kuponya mwamphamvu. Nyongolotsi ziwiri zazing'ono zimakhala bwino. Za mlamba, chiwindi cha nkhuku chomanga ndi kaulusi kosokera.

Wa ku Namiasi:
Zikomo amayi. Nanga kuponya patali mphepo ikukubwezera?

Mnyamata wa pa Boma:
Patali pa chiyani, bwana? Mamita 15 mpaka 20 akwana. Mphepo ikavundula madzi, nsomba zimayandikira bango mopanda mantha. Ponyerani cham'mbali, mtovu uyende motsika, ndipo gwirani ulusi ndi chala mtovu utatsala pang'ono kugwa, kuti usatuluke wambiri. Sankhani mtengo umodzi kutsidya, muziloza womwewo nthawi zonse, apo ayi nyambo igwera kutali ndi chakudya chanu.

Pa mtovu ndisiyana pang'ono ndi akulu aja: wa 80 umachita phokoso pa madzi osaya, chambo n'kuthawa. Yambani ndi 50, mukweze pokhapokha ukukokoloka.

Thumba losungira nsomba mulimange zikhomo ziwiri, lisamamenyeke pagombe. Ndipo musalowe m'madzi kukawonjola mbedza ikakola. Madzi akavunduka ng'ona simuiona, khalani mamita atatu kuchoka pamphepete.